Zitsamba zomwe mbewu zake zimadikira moto: Mimetes wa m'mapiri a ku Cape

Chaka ndi chaka, kuyambira Disembala mpaka cha m'Epulo, abale athu okhala ku Cape Town amatitumizira zithunzi za mapiri akuyaka. Ambiri tikukumbukira moto wa pa 18 Epulo 2021, womwe unayambira m'mbali mwa phiri la Table Mountain n'kutsikira ku yunivesite ya Cape Town, kumene unanyeketsa laibulale ya Jagger pamodzi ndi mabuku ndi zolembedwa zambiri za mbiri ya Africa. Utsi usanathe n'komwe, akatswiri a zomera amamveka pa wailesi akunena mawu odabwitsa, akuti tchire la kumeneko limafunika kupsa, ndipo likakhala nthawi yaitali osapsa zomera zina zimatha.

Kwa ife amene tinakula tikuuzidwa kusukulu ndi alangizi a zankhalango kuti moto wolusa ndi mdani wa chilengedwe, mawu amenewa amasokoneza mutu. Kodi akunama ndani? Palibe akunama. Koma kuti zimveke bwino, tiyeni titenge kagulu kamodzi kakang'ono ka zitsamba za kumeneko, kotchedwa Mimetes, tikatsate kuyambira pa duwa mpaka pansi pa nthaka.

Tchire lake ndi lotani?

Tchire la kumapiri a ku Cape limatchedwa fynbos. Mawuwa anachokera ku Chidatchi ndipo amatanthauza tchire la masamba ang'onoang'ono. Si nkhalango ngati ya Chikangawa, komanso si dambo la udzu. Ndi zitsamba zothithikana, zambiri zolekeza m'chiuno kapena m'mapewa, za masamba olimba osayoyoka chaka chonse, zosakanikirana ndi timabango towonda. Mitengo italiitali imapezeka m'zigwembe mokha, momwe moto sufika.

Dera lonse la zomera za ku Cape ndi lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 90,000, kutanthauza kuti ndi locheperapo poyerekeza ndi dziko la Malawi. Komatu muli mitundu ya zomera pafupifupi 9,000, ndipo pa mitundu khumi iliyonse, pafupifupi isanu ndi iwiri sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mu 2004 bungwe la UNESCO linaika madera otetezedwa a kumeneko m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu onse.

Zinthu ziwiri zimasiyanitsa kumeneko ndi kwathu. Choyamba ndi mvula. Kumadzulo kwa Cape mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene ife tili pa moto kuwotha. Miyezi yomwe ife tikupalira chimanga, kumeneko kumakhala kouma, kotentha, ndi mphepo yamkuntho yochokera kummwera chakummawa, mbali yomweyo yomwe mwera amachokera pa nyanja yathu. Chachiwiri ndi dothi. Mapiri ake ndi a miyala ya mchenga, ndipo dothi lake ndi mchenga woyera wokokoloka, wopanda chonde. Mlimi wa kwathu atauona sangaponyepo khasu.

Mimetes weniweniyo

Mimetes ndi gulu la mitundu 13 yokha, ndipo yonse imamera ku Cape basi. Ndi a banja limodzi ndi duwa la protea, lomwe ndi duwa la fuko la South Africa. Banja lomwelo tili nalo kwathu kuno, ngakhale ambiri sitidziwa: mtengo wa makademiya wa m'minda ya ku Thyolo ndi mbale wake, ndipo ku Nyika ndi pa phiri la Mulanje kumamera mitundu ya protea yachilengedwe. Dzina la Mimetes linaperekedwa mu 1807 ndi Mngelezi wina wodziwa za zomera, Richard Salisbury, ndipo ndi mawu a Chigiriki otanthauza wotsanzira.

Maonekedwe ake ndi osaiwalika. Nthambi zimaima chilili, masamba ataikuta mosanjikizana ngati mamba a nsomba. Cha kunsonga, m'khwapa mwa tsamba lililonse mumatuluka kamtolo ka timaluwa, ndipo masamba a pamenepo amasintha mtundu, ena kufiira, ena chikasu, ena kuyera mbuu ngati siliva. Mukaona patali mumayesa duwa limodzi lalikulu, chonsecho ndi timitolo tambiri tozungulira nthambi. Chifukwa cha kusanjikizanaku, olankhula Chingerezi amazitchula kuti pagoda, dzina la nsanja za akachisi a ku Asia zomwe zili ndi madenga osanjikizana.

Wofala kwambiri ndi Mimetes cucullatus, yemwe m'Chiafirikanzi amati rooistompie, kutanthauza kachitsa kofiira. Dzinali musaliiwale, tibwereranso kwa ilo. Wina ndi Mimetes fimbriifolius, yemwe amakula kufika pa kamtengo ndipo amapezeka ku Cape Peninsula kokha, dera lolowa m'nyanja lomwe kuli mzinda wa Cape Town. Kale anthu ankamudula kwambiri kuchita nkhuni. Ena ambiri amakhala pamwamba pa mapiri, aliyense pa kadera kake kakang'ono, monga Mimetes hottentoticus wa masamba asiliva wa ku mapiri a Kogelberg. Amenewa nthawi yachilimwe amakhalira chinyezi cha mitambo yomwe mphepo ija imaunjika pa nsonga za mapiri, monga momwe chiperoni chimanyowetsera Mulanje ndi Thyolo mvula itasiya. Ndipo m'bale wawo wina, Mimetes chrysanthus wa maluwa achikasu, akatswiri anamudziwa mochedwa zedi, mu 1987, ku phiri la Gamkaberg. Chitsamba chachitali kuposa munthu, chowala chotero, n'kukhala chosalembedwa mpaka zaka zimenezo!

Kudya m'mbale yopanda kanthu

Funso loyamba n'lakuti chitsamba chokongola chotere chimadya chiyani mu mchenga wopanda chonde. Mchere wa m'nthaka womwe umasowa kwambiri kumeneko ndi fosiforasi, womwe alimi amaudziwa ngati gawo limodzi la feteleza wokulitsa. Wochepa yemwe alipo ndi womatirira ku timiyala, moti mizu wamba singamukoke.

Zomera za banja limeneli zili ndi njira yake. Mvula ikayamba, pafupi ndi pamwamba pa nthaka zimatulutsa timizu tambirimbiri tothinana ngati burashi yotsukira botolo. Timizuti timatulutsa timadzi towawasa, tofanana ndi tomwe tili mu mandimu, ndipo timadzito timasungunula fosiforasi uja kuti mizu iyamwe. Chitsamba chikapeza kachakudya kameneka sichimwaza. Masamba ake amakhala zaka osagwa, ndipo gawo lalikulu chimaliika m'mbewu zochepa koma zonona.

Apa pali phunziro kwa abale athu ambiri ogwira ntchito za m'magadeni ku Cape Town. Chomera chozolowera njala choterechi sichidziwa kukana chakudya. Mukachithira feteleza wokhala ndi fosiforasi wambiri, kapena manyowa a nkhuku, chimayamwa mopitirira muyezo, masamba n'kupserera, kenako n'kufa. Kupalira ndi khasu pafupi ndi tsinde nakonso kumadula timizu tija. Bwana akhoza kuganiza kuti duwa lafa chifukwa chosasamalidwa, pamene lafa chifukwa chosamalidwa ngati chimanga.

Mbalame, kenako nyerere

Maluwa a Mimetes ali ndi timadzi totsekemera tambiri, ndipo alendo ake akuluakulu ndi mbalame: achoso, makamaka wa pachifuwa pa olenji yemwe amapezeka mu fynbos mokha, ndi mbalame ina ya mchira wautali yotchedwa Cape sugarbird. M'duwa lililonse mumatuluka kandodo kowonda konga singano, kunsonga kwake kutapakika mungu. Mbalame ikalowetsa mlomo kuti imwe, kandodoko kamaipaka mungu pamutu, ndipo imakausiya pa chitsamba china. Mpaka apa palibe chachilendo kwenikweni.

Chachilendo chimayamba mbewu ikakhwima. Mbewu ya Mimetes ndi yolimba ngati kamtedza, ndipo imagwera pansi pa chitsamba pomwepo. Ikangokhala pamtunda usiku umodzi kapena uwiri, mbewa zimaidya, poti ndi chakudya chonona m'dziko la njala. Ikapulumuka kwa mbewa, moto ukadzabwera idzapsa. Ndiye chitsamba chimalemba aganyu. Mbewu iliyonse imakutidwa ndi kachikopa koyera, kofewa, ka mafuta, komwe akatswiri amakatchula kuti elaiosome. Fungo lake limakoka nyerere za kumeneko, makamaka zamtundu wa Anoplolepis, zikuluzikulu zolusa zothamanga. Mbewu ikangogwa, posakhalitsa nyerere zafika, zaigwira, zikuikokera ku una. Kumeneko zimadya kachikopa kaja. Mbewu yeniyeniyo ndi yolimba ndiponso yoterera, nyerere sizingaiboole kapena kuinyamulanso bwinobwino, choncho imatsala momwemo, masentimita angapo pansi pa nthaka.

Taganizirani bwino zimenezi. Nyerere yalandira malipiro ake, ndipo mosadziwa yabzala mbewu pa kuya koyenera: mbewa sizingainunkhize, moto sungaipsereze, koma kutentha kwa dzuwa kukhoza kuifika tchire likachoka pamwamba. Mauna a nyerere amasanduka nkhokwe ya chitsamba. Chaka chilichonse mbewu zina zimawonjezereka, ndipo zimatha kugona m'menemo zaka makumi angapo zili zamoyo. Ku Cape kuli mitundu ya zomera yoposa chikwi yomwe imadalira nyerere mwa njira imeneyi. Ine pa nkhani yonseyi, apa ndi pomwe pamandigwira mtima kwambiri, chifukwa zikutanthauza kuti zitsamba zomwe munthu amaziona paphiri ndi gawo lochepa chabe la mtunduwo. Gawo lalikulu lili pansi, m'manja mwa tizilombo tomwe timatiponda osationa.

Moto ukafika

Tsopano tibwerere kwa rooistompie, kachitsa kofiira. Pa mitundu yonse 13, ndi yekhayu amene ali ndi chitsa chachikulu chokwiririka pansi, chosunga chakudya ndi maso ophukira. Moto ukapsereza nthambi zonse, pakapita masabata ochepa chitsa chimatulutsa mphukira zofiira. N'zomwe timaziona kwathu mitengo ya tsamba ikadulidwa kapena kupsa: chitsa chimaphukanso. N'chifukwa chake iyeyu ndi wofala kuposa anzake onse. Mimetes fimbriifolius ali ndi njira ina: khungwa lake ndi lochindikala, ndipo moto ukakhala wosaopsa kwambiri, nthambi zam'mwamba zimapulumuka n'kupitiriza kukula.

Ena onse moto umawapha. Chitsamba chimapsa n'kutheratu, osadzukanso. Mtundu umapitirira kudzera m'nkhokwe ija basi. Moto ukadutsa, mthunzi wachoka, dzuwa limawomba nthaka mwachindunji, masana kutentha, usiku kuzizira kwambiri. Kusinthasintha kumeneku, pamodzi ndi chinyezi cha mvula yoyamba ya nyengo yozizira, ndi chizindikiro chomwe mbewu imadikira. Imadziwa kuti pamwamba pali malo, pali kuwala, pali phulusa lobweza timchere m'nthaka, ndipo mbewa zachepa poti zilibe pobisala. Zomera zina za mu fynbos zimadzutsidwa ndi utsi weniweniwo. Zimenezi zinatsimikizidwa ku South Africa komweko mu 1990, ndipo lero olima maluwa amanyika mbewu zina m'madzi a utsi kuti zimere.

Nanga moto ukapanda kubwera? Zitsamba zimakalamba, maluwa amachepa, kenako zimauma chimodzichimodzi, ndipo palibe mbande yomera pansi pa tchire lothithikana. Zimenezi zinaoneka bwino ndi m'bale wapafupi wa Mimetes, duwa lotchedwa Orothamnus zeyheri. Pofuna kuliteteza, akuluakulu a zankhalango analetsa kulithyola ndipo anayesetsa kuti moto usafike m'malo ake. Pofika m'zaka za m'ma 1960 zitsamba zodziwika zinatsala zowerengeka. Malowo atapsa, mbande zinamera zambiri. Anthu anali ndi cholinga chabwino, koma ankateteza chitsamba chooneka ndi maso n'kumatsekera mbewu pansi.

Nkhani ya Mimetes stokoei ndiye yoposa apa. Anamupeza mu 1922 m'mapiri a Kogelberg ndi Thomas Stokoe, munthu wochokera ku England yemwe anathera moyo wake akuyenda m'mapiri a ku Cape kutolera zomera. Zitsamba zomwe zinaonedwa zinali zochepa kwambiri, kenako zinasowa. M'zaka za m'ma 1960 chimodzi chinamera chokha pamalo ena pomwe nthaka inasokonezedwa, n'kufa chisanasiye mbewu. Mtunduwo unalembedwa kuti unatha. Ndiye mu 1999 moto waukulu unadutsa ku Kogelberg, ndipo mu 2001 anthu anapeza kagulu ka zitsamba zimenezi zitaima, zikuchita maluwa. Zaka zonsezo mbewu zinali pansi.

Si moto uliwonse

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya akamva kuti fynbos amafuna moto. Chofunika si moto chabe, koma kuti wabwera liti, patapita nthawi yaitali bwanji, ndipo ndi waukali motani.

Mbande ya Mimetes imatenga zaka zingapo isanayambe maluwa, ndipo imafunika zaka zinanso kuti idzaze nkhokwe. Akatswiri amati m'madera ambiri a fynbos moto woyenera ndi wobwera pakapita zaka zapakati pa 10 ndi 20. Ukabweranso patangopita zaka zitatu kapena zinayi, umapeza mbewu zakale zamera kale, zatsopano zisanagwe. Zili ngati banja lomwe labzala mbewu yonse ya m'nkhokwe, kenako munda n'kuwonongeka chimanga chisanakhwime: chaka chamawa mulibe chobzala. Zikachitika kawiri katatu motsatizana, mtunduwo watha paphiri limenelo. Masiku ano moto wambiri ku Cape umayambitsidwa ndi anthu osati mphezi, ndipo malo ena akupsa pafupipafupi kuposa kale.

Nyengo nayo ndi nkhani. Moto wa kumapeto kwa chilimwe, cha m'Febuluwale mpaka Epulo, umatsatidwa ndi mvula posachedwa, ndipo mbande zimamera bwino. Koma imeneyo ndi nthawi yomwenso moto umavuta kuugwira. Mabungwe a boma oyang'anira malo otetezedwa ngati SANParks ndi CapeNature amakhala pakati pa miyala iwiri. Okhala m'mphepete mwa phiri amaopa moto, ndipo mantha awo ndi omveka: mu Januwale 2019 moto unatentha nyumba zambiri ku Betty's Bay, m'tsinde mwa mapiri a Kogelberg omwewo, ndipo mu Juni 2017 moto wa ku tauni ya Knysna unapha anthu. Akatswiri a zomera nawo amati tchire likakalamba osapsa, nkhuni zouma zimangounjikana ndipo moto wodzabwerawo udzakhala woopsa koposa. Kutentha dala nthawi yozizira n'kosavuta kulamulira, koma sikuthandiza mbewu mofanana. Mbali zonsezi zili ndi mfundo, ndipo mkanganowu ukupitirira.

Adani obwera

Pali zinthu zitatu zochokera kunja zomwe zasokoneza dongosololi. Choyamba ndi mitengo yobwera: paini, mitundu ya akeshya ya ku Australia, ndi chitsamba cha minga chotchedwa hakea. Imeneyi imakula msanga, imaphimba fynbos, imamwa madzi ambiri, ndipo ikamayaka moto wake umatentha kwambiri mpaka kupsereza mbewu za pansi. Kuyambira mu 1995 boma la South Africa lakhala likulemba anthu ntchito yodula mitengo yotere kudzera mu pulogalamu ya Working for Water.

Chachiwiri ndi kanyerere kakang'ono kochokera ku South America, kodziwika ndi dzina la dziko la Argentina, komwe kanafika ku Cape cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kamakonda malo a chinyezi pafupi ndi nyumba, misewu ndi zinyalala, ndipo kakafika kamathamangitsa nyerere zonyamula mbewu zija. Iko kamadya kachikopa ka mafuta pamtunda pomwepo, mbewu n'kuisiya poyera. Mu 1984 akatswiri awiri, William Bond ndi Peter Slingsby, anasindikiza zomwe anapeza ku Kogelberg atayesa ndi mbewu za Mimetes cucullatus: komwe kunali nyerere zachilendozi mbewu zambiri zinadyedwa, ndipo malowo atapsa mbande zinamera zochepa zedi poyerekeza ndi komwe kunali nyerere za komweko. Chitini cha zinyalala chosiyidwa pamalo opumira alendo chikhoza kuthandiza nyererezi kulowa m'phiri.

Chachitatu ndi matenda owoletsa mizu otchedwa Phytophthora cinnamomi, omwenso amavutitsa mitengo ya mapeyala. Amayenda ndi madzi komanso dothi lomatirira ku nsapato. Mitundu ya Mimetes ya pamwamba pa mapiri siipirira matendawa, n'chifukwa chake ndi yovuta kulima. Ku munda wa zomera wa Kirstenbosch ku Cape Town ndi kwa alimi ena a maluwa amachita kumezanitsa, monga timachitira ndi mango: nthambi ya Mimetes amailumikiza pa tsinde la Leucospermum, m'bale wake wa mizu yolimba.

Nanga kwathu?

Wina akhoza kunena kuti basi, ndiye kutentha tchire posaka mbewa kulibe vuto. Zimenezo sizikutuluka m'nkhaniyi. Tchire lathu ndi lina, mvula yathu ndi ya nyengo ina. N'zoona kuti udzu wa ku Nyika ndi nkhalango zathu za mitengo ya tsamba zinazolowera moto, ndipo oyang'anira malo otetezedwa amatentha dala molawirira, udzu usanaumitsitse, kuti moto wa mu Okutobala usadzakhale woopsa. Koma moto wa chaka ndi chaka wa m'chilimwe umapha mitengo ing'onoing'ono isanakule. Mkungudza wa pa Mulanje, womwe uli ndi abale ake m'mapiri a ku Cape, umafuna malo otseguka kuti mbande zake zimere, koma mbandezo zimafa zikapsa zili zazing'ono, ndipo moto wa pafupipafupi pamodzi ndi kudula kwathandiza kuufikitsa pomwe uli lero. Funso la kumeneko ndi la kuno ndi limodzi, la kutalika kwa nthawi pakati pa moto wina ndi unzake, koma yankho la malo aliwonse ndi lakelake.

Amene muli ku Cape, phiri la pafupi nanu likadzapsa, dzapiteniko oyang'anira akadzatsegula njira, ndipo muzidzayenda m'njira momwemo poti nthaka ya lupsa sichedwa kukokoloka. Pasanathe masabata awiri mudzaona timaluwa tofiira totuluka m'phulusa, tomwe timachita maluwa moto ukangodutsa basi. Kenako zitsa za rooistompie zidzayamba kufiira. Achoso ndi mbalame za mchira wautali zija zidzakhala zitasamukira ku mapiri ena, ndipo zidzabwerera pakapita zaka, maluwa akadzayambiranso. Mvula ya mu Juni ikadzagwa, dzawerameni muyang'ane pansi. Mukadzaona timbande tingapo tomera pamodzi mothinana, ngati wina anachita kutibzala pa phando limodzi, pamenepo panali una wa nyerere.